Pulogalamu Ikayamba Kugwa Mutakweza Chiyankhulo, Mlandu Uli Pati?

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata olemba mapulogalamu a pafoni m'tauni ya Kafue

  Kulemba pulogalamu yatsopano kumakoma, aliyense amakufuna. Kufufuza chimene chikugwetsa pulogalamu yakale ndiye kulibe mwini. Komatu kasitomala amadziwa kuti analemba ntchito mmisiri weniweni pa tsiku limene zinthu zavuta.

Vuto lake limabwera chonchi. Muli ndi pulogalamu imene yayenda bwino chaka chathunthu. Tinene kuti ndi kaundula wa ngongole wa amayi ogulitsa nsomba kumsika, kapena ndi yowerengera ndalama za mnyamata wa m'kabuthi ka Airtel Money ndi MTN MoMo m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Tsiku lina mwakweza chiyankhulo chimene munailembera, kuchoka pa veshoni yakale kupita pa yatsopano. Zimene pulogalamuyo imachita simunazikhudze. Mwaimanga, yamangika. Mwaitumiza kwa anthu. Kukacha foni yanu siikupuma: "Bwana, app yanu ija ikungodzitseka yokha." Mukatsegula lipoti, pa iPhone mwalembedwa EXC_BAD_ACCESS, pa Android mwalembedwa SIGSEGV kapena signal 11.

Pamenepo mtima umathamangira kunena kuti veshoni yatsopanoyi ndi yowola. Zimachitika ndithu kuti compiler yatsopano ikhale ndi vuto lake, koma n'kamodzikamodzi. Mfundo imene ndabwera nayo lero ndi yakuti nthawi zambiri cholakwikacho chinali m'khodi mwanu kapena m'laibulale imene munabwereka kuyambira kale, ndipo veshoni yatsopano yangochivundukula. Mukavomereza zimenezi, kafufuzidwe kanu konse kamasintha.

Zimene zimachitika mkati mwa foni

Memori ya foni ili ngati mdadada wautali wa zipinda za lendi, monga timaziona ku Zambia Compound kapena ku Shikoswe. Chipinda chilichonse chili ndi nambala pakhomo. Pulogalamu ikafuna posunga dzina la kasitomala kapena chithunzi, imapempha chipinda kwa landilodi, n'kulemba nambala ya chipindacho pakapepala. Kapepala kameneko ndi kamene timati pointer.

Njira zolakwira zilipo zinayi zikuluzikulu. Yoyamba, mwanyamuka kukagogoda koma pakapepala palibe nambala, pali ziro. Yachiwiri, munabweza kale chipinda kwa landilodi koma kapepala munasungabe, ndiye mwapita kukatsegula pakhomo pamene salinso panu. Yachitatu, munapempha chipinda chimodzi koma katundu wanu wasefukira kwa neba. Yachinayi, anthu awiri a m'nyumba mwanu, amene m'pulogalamu timati ma thread, alowa m'chipinda chimodzi nthawi imodzi, wina akuyala wina akuyalula.

Tsono tamvani pamene pagona nkhani. Landilodi wakale anali wozengereza. Mukabweza chipinda, chinkakhala masiku chili chosatseka, katundu wanu ali momwemo. Mukabwerera ndi kapepala kakale kaja munkapeza zonse zili m'malo, ndipo palibe ankadziwa kuti mwalowa m'chipinda cha eni. Landilodi watsopano ndi wachangu: mukangotuluka walowetsamo wina, kapena wakhoma loko. Lero mwagwidwa, koma kulakwa kunayamba tsiku limene munasunga kapepala ka chipinda chimene munabweza.

N'chifukwa chake mzere umene pulogalamu yagwera kawirikawiri si umene unalakwa. Memori ingaonongeke pamene munthu akujambula lisiti, pulogalamu n'kudzagwa patapita mphindi zingapo pamene akutsegula tsamba lina. Mukalimbana ndi tsamba limenelo mudzataya sabata.

Zimene zinaonekapo kale

Nkhaniyi si yongopeka. Apple inatulutsa chiyankhulo cha Swift mu 2014, ndipo mu Seputembala 2016 inabweretsa Swift 3 pamodzi ndi Xcode 8. Veshoni imeneyi inasintha mayina ambirimbiri a ma function, inasinthanso malamulo a ma pointer ndi mmene Swift imalumikizirana ndi Objective-C, chiyankhulo chakale cha Apple. Khodi ya Swift 2 sinkamangika popanda kuikonza. Xcode inali ndi chida chosamutsira khodi, koma ntchito ya chida chotere ndi kuonetsetsa kuti khodi ikumangika. Zakuti ikuchitabe zimene mwini wake ankafuna, zimenezo zinatsalira mwini wake.

Swift payokha imadziteteza. Imawerenga kuti chinthu chilichonse chikugwiridwa ndi angati, ndipo akatha onse imabweza memori yake. Njira imeneyi, yotchedwa ARC, Apple inaiyamba mu 2011. Ngozi imakhala m'malire, pamene Swift ikupatsirana zinthu ndi C kapena Objective-C. Paliponse pamene mukuona mawu oti Unsafe m'khodi ya Swift, kapena delegate yakale yolembedwa kuti assign, dziwani kuti pamenepo chitetezo chachotsedwa. Chitsanzo chofala ndi cha munthu amene walandira pointer mkati mwa withUnsafeBytes n'kuisunga kuti adzaigwiritse ntchito kunja. Lamulo limati pointer imeneyo imatha ntchito block ikangotsekedwa. Compiler yakale mwina inkachedwa kubweza memoriyo, pulogalamu n'kumayenda mwamwayi. Yatsopano yaphunzira kubweza msanga, mwayi uja watha.

Ambiri a inu mumalembera Android, chifukwa ndiyo ili m'matumba mwa anthu athu. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2019, Google Play inalamula kuti mapulogalamu okhala ndi khodi ya C kapena C++ azikhalanso ndi mtundu wa 64-bit. Tiyeni tione bwinobwino chimene chinagwetsa ena. Khodi ya C++ imapanga chinthu, n'kupereka adiresi yake kwa Java kuti aisunge. Wolemba wina kalelo anasunga adiresiyo mu int. Pa foni ya 32-bit adiresi ndi ma byte 4, int nayonso ndi ma byte 4, zonse zimakwanirana. Pa 64-bit adiresi ndi ma byte 8. Tinene kuti adiresi yeniyeni ndi 0x7b3c41a2f0. Ikalowa mu int, mutu wake umadulidwa, n'kutsala 0x3c41a2f0. Java ikabweza nambala yodukayo kwa C++, pulogalamu imapita kumalo kumene ilibe chilolezo, Android n'kuipha pompo. Mankhwala ake ndi mawu amodzi, long m'malo mwa int, koma kuti muwapeze muyenera kudziwa chimene mukufuna.

Zoterezi sizinathere pomwepo. Kuyambira pa Android 11, mafoni ambiri a 64-bit amaika chizindikiro kumutu kwa pointer, n'chifukwa chake m'malipoti mumaona ma adiresi oyamba ndi 0xb4. Khodi imene inkasewera ndi mutu wa pointer, poganiza kuti pamenepo pamakhala ziro nthawi zonse, inayamba kugwa. Ndipo kuyambira pa 1 Novembala 2025, Google Play inayamba kufuna kuti mapulogalamu olembera Android 15 kupita m'tsogolo azigwira ntchito pa mafoni amene amagawa memori m'masamba a 16 KB. Amene analemba nambala 4096 m'khodi mwawo ngati kuti siidzasintha mpaka kalekale, nthawi yawo yakwana.

Wina anganene kuti, "Ine ndimalemba Kotlin," kapena, "Ine ndi wa Flutter, pointer sindiigwira." Zoona, simuigwira ndi manja anu. Koma pansi pa pulogalamu yanu pali SQLite yolembedwa mu C, pali malaibulale a zithunzi, a kamera, a mapu, obisa uthenga, ambiri a iwo a C ndi C++. Mukakweza chiyankhulo, kawirikawiri malaibulale amenewa amakwera nawo inu osadziwa.

Yambani mwawerenga lipoti

Musanakhudze khodi, werengani lipoti lonse modekha, ndipo mulifunse mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi kugwa kumeneku ndi kwa mtundu wanji? Pulogalamu ikadzitseka, munthu amaona chimodzimodzi, koma zifukwa zimasiyana. NullPointerException ya Java kapena Kotlin imakuuzani yokha mzere umene wavuta. EXC_BREAKPOINT pa iPhone nthawi zambiri imatanthauza kuti Swift yaimitsa dala pulogalamu itaona kuti mwatsegula optional yopanda kanthu. Palinso china chofala kuno kwathu: foni ya memori ya 1 GB kapena 2 GB ikadzaza, Android imapha mapulogalamu ena kuti ipeze malo. Kumeneko ndi kuchepa kwa malo, mankhwala ake ndi ena. Zimene tikukamba lero ndi SIGSEGV, SIGBUS ndi EXC_BAD_ACCESS.

Funso lachiwiri: ndi adiresi iti imene pulogalamu inkafuna kufikako? Pa Android yang'anani mawu oti fault addr. Ikakhala 0x0, pointer inalibe kanthu. Ikakhala nambala yaing'ono ngati 0x8 kapena 0x10, nkhani ndi yomweyo: pulogalamu inkafuna gawo lina la chinthu chimene kulibe, ndiye yaphatikiza 8 kapena 16 pa ziro. Ikakhala nambala yaikulu yooneka ngati adiresi yeniyeni, ganizirani memori imene inabwezedwa kale. Ikakhala yooneka yoduka, kumbukirani nkhani ya int ija.

Funso lachitatu: pulogalamu inadzera kuti pofika pamenepo? Mndandanda wa ma function, umene timati backtrace, umayankha. Mukaona kuti yagwera mu objc_msgSend kapena swift_release, musaloze chala Apple. Kawirikawiri zimasonyeza kuti mukuyankhula ndi chinthu chimene chinafafanizidwa kale. Mukaona dzina la function imodzi likubwerezabwereza kambirimbiri, ndiye kuti ikudziitana yokha mosalekeza mpaka malo atha. Izi zingachitike mayina akasintha, function yanu n'kupezeka kuti yafanana dzina ndi imene inkayenera kuitana. Onaninso kuti ndi thread iti yagwa, ndi zimene ma thread ena ankachita nthawi imeneyo.

Koma lipoti limeneli limawerengeka pokhapokha mutasunga mafayilo omasulira manambala kukhala mayina: dSYM kwa a iPhone, mapping.txt ndi ma symbol a khodi ya C++ kwa a Android. Veshoni iliyonse imene mwatumiza ili ndi ake, a veshoni ina sangathandize. Sungani mafayilo amenewa monga mumasungira keystore yanu.

Igwetseni dala, ili m'manja mwanu

Vuto limene simungalibwereze mwakufuna kwanu simunganene kuti mwalikonza, chifukwa mwina langobisala. Funsani wodandaulayo: foni yanji, Android iti, munadina chiyani, intaneti inalipo kodi? Safunsa anadya phula. Yesani veshoni ya release, imene anthu ali nayo, chifukwa ya debug compiler siifupikitsa kwambiri ndipo zolakwika zambiri za memori zimagona tulo mmenemo.

Kenako itanani zida. Chachikulu ndi AddressSanitizer, chimene akatswiri a ku Google anachifotokoza poyera mu 2012 ndipo chinalowa mu Xcode 7 mu 2015. Chimaika malo oletsedwa kuzungulira memori iliyonse imene mwapempha, ndipo memori yobwezedwa chimaisunga padera kwa kanthawi. Mukangoponda polakwika chimakuimitsani nthawi yomweyo, osadikira kuti kuonongekako kufalikire. Ubwino wake waukulu ndi wakuti chimakuonetsani malo atatu: pamene munapempha memori, pamene munaibweza, ndi pamene mwaigwiranso. Pakati pa malo atatu amenewa ndi pamene pali mlandu. Pulogalamu imachedwa pafupifupi kawiri chida chimenechi chikamagwira ntchito, choncho ndi cha poyesa basi.

Pa vuto la ma thread pali Thread Sanitizer. Mu Xcode mulinso Zombie Objects, imene imasiya mtembo wa chinthu cha Objective-C pamalo pake kuti ukuwe dzina wina akaugwira, ndi Malloc Scribble, imene imalemba 0x55 pa memori yonse yobwezedwa. Ndiye mukaona adiresi yodzaza ndi ma 5 okhaokha m'lipoti, mwapeza kale mtundu wa vuto. A Android muli ndi adb logcat, ndk-stack yomasulira lipoti, komanso HWASan ndi GWP-ASan. Zonsezi ndi zaulere. Chimene chimasowa ndi chizolowezi chozitsegula.

Sinthani chimodzi, muyese, kenako china

Cholakwika chimene chimavutitsa anthu ambiri chimachitika tsiku lokweza lomwelo. Munthu amakweza chiyankhulo, malaibulale onse, Gradle, targetSdk, n'kuonjezapo batani latsopano limene kasitomala anapempha, zonse mu commit imodzi yolembedwa kuti "update". Zikavuta, oganiziridwa amakhala khumi, mboni palibe.

Kwezani chinthu chimodzi, mumange, muyese, muchite commit, kenako mutenge china. Mukatero git bisect imakugwirirani ntchito. Mumaiuza veshoni imene inali bwino ndi imene ikugwa, iyo imakupatsani ya pakati kuti muyese, n'kumadula theka nthawi iliyonse. Ngakhale ma commit atakhala 1,000, mumafika pa wolakwayo mutayesa maulendo 10 okha. Ndipo kwa ife, ma commit ang'onoang'ono ali ndi phindu lina. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku ngakhale kuno kumene Kafue Gorge ili pafupi. Laputopu ikathima ntchito ili pakati, amene amasunga pang'onopang'ono amadziwa pamene analekezera.

Mukapeza pamene pavuta, chenjerani ndi mankhwala ongoziziritsa. Ena amaika kanthawi kochedwetsa ka theka la sekondi, pulogalamu n'kusiya kugwa pa foni yawo. Ena amazimitsa optimization. Ena amakulunga zonse mu try ndi catch, osadziwa kuti SIGSEGV siigwidwa mwa njira imeneyo. Zonsezi zimangobwezera vuto pobisala. Ndipo kubisala kwake n'koopsa kuposa kugwa. Pulogalamu ikagwa munthu amadandaula, inu mumadziwa. Ikalemba pa memori yolakwika koma osagwa, ngongole ya K500 ingasanduke nambala ina popanda wozindikira, anthu n'kudana chifukwa cha khodi yanu. Mwakonza pokhapokha ngati mungathe kufotokozera mnzanu m'mawu osavuta kuti chinthu chakuti chinabwezedwa apa, chinagwiridwanso apo, chifukwa chake n'chakuti. Mukatero lembani test yoti idzakuchenjezeni vutolo likadzabwerera.

Palinso nkhani ya akuba. Mu 2019 Microsoft inanena kuti pafupifupi 70 peresenti ya mabowo a chitetezo amene imatseka chaka ndi chaka amachokera ku zolakwika za memori, ndipo mu 2020 opanga Chrome anapeza chiwerengero chofanana. Pakhomo pamene pulogalamu yanu yagwera mwangozi, wakuba angalowerepo mwadala. Google inanena kuti mu Android mabowo a mtundu umenewu anatsika kuchoka pa 76 peresenti mu 2019 kufika pa 24 peresenti mu 2024, makamaka chifukwa khodi yatsopano ikulembedwa m'ziyankhulo zodziteteza monga Rust ndi Kotlin. Choncho yankho si kukana kukweza. Wokakamira veshoni yakale amakhalabe ndi mabowo akale, ndipo tsiku lina Google Play kapena App Store idzakana kulandira pulogalamu yake. Walira mvula walira matope: tikufuna chitetezo cha veshoni yatsopano, tilandirenso ntchito yotsuka zimene ikutionetsa.

Yesani pa mafoni a anthu athu

Emulator ya palaputopu panu si foni ya kasitomala. Anthu ambiri a ku Kafue ali ndi Itel, Tecno, Infinix kapena Samsung yotsika mtengo. Ena mwa mafoni amenewa, makamaka a Android Go, amayendabe pa 32-bit, pamene ena ali pa 64-bit. Ndiye kuti pulogalamu yanu imodzi ikuyenda m'mitundu iwiri, ndipo wina ungagwe wina uli bwinobwino. Khalani ndi mafoni awiri kapena atatu akale m'dilowa, kapena bwerekanani. Yesani foni itadzaza, netiweki ikudukaduka, munthu akutuluka m'pulogalamu kukayankha foni n'kubwereranso. Nthawi zoterezi ndi pamene zinthu zimafafanizidwa n'kupangidwanso, ndipo ma pointer akale amaonekera poyera.

Mu Play Console onani malipoti motsata mtundu wa foni. Google imaona kuti pulogalamu yadutsa malire ngati ikugwera anthu opitirira 1.09 peresenti ya oigwiritsa ntchito pa tsiku, kapena 8 peresenti pa mtundu umodzi wa foni, ndipo ingachepetse kuoneka kwake m'sitolo. Kwa kampani yaing'ono, kumeneko ndi kutaya makasitomala amene simunawaone n'komwe.

Potsiriza, musatumize veshoni yatsopano kwa anthu onse tsiku limodzi. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yatsopano ku makompyuta a makasitomala ake nthawi imodzi. Khodi inkayembekezera zinthu 21 koma inapatsidwa 20, ndipo pofuna kuwerenga cha 21 inaponda memori imene sinali yake. Makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anathima, ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinavutika. Ngati zinaonekera kampani yaikulu chotero, ife ndife yani? Play Console imakulolani kuyamba ndi anthu ochepa n'kuimitsa mukaona zovuta. App Store ili ndi njira ya masiku 7, yoyambira pa 1 peresenti. Muzitumiza kumayambiriro kwa sabata, osati Lachisanu madzulo pamene nonse mukupita kokapuma, komanso osati kumapeto kwa mwezi pamene makasitomala anu ali pakalikiliki wa malipiro.

Pempho langa

Achinyamata, ambiri a inu mumagwira ntchito nokhanokha, aliyense ndi laputopu yake kunyumba. Vuto la memori limapusitsa maso amene analemba khodiyo, chifukwa amaona zimene ankafuna kulemba m'malo mwa zimene analemba. Mutu umodzi susenza denga. Ku Lusaka, makilomita pafupifupi 45 kuchokera pano, anzathu anayamba BongoHive mu 2011 pongokumana ndi kuthandizana. Ifenso tingayambe ndi zochepa: kukumana kamodzi pa mwezi, aliyense abwere ndi lipoti limodzi la kugwa kwa pulogalamu yake, atachotsamo mayina ndi manambala a makasitomala, tiliwerengere pamodzi mpaka tipeze pamene memori inabwezedwa. Amene ali ndi foni yakale abwere nayo, tiyesere mapulogalamu athu onse.

Ndipo inu eni mabizinesi amene mumatilemba ntchito, wolemba pulogalamu akakupemphani masiku ena oyesera asanatumize veshoni yatsopano, musamuone ngati waulesi. Masiku amenewo muwaike m'mgwirizano ndi m'bajeti kuyambira pachiyambi, chifukwa ndi otsika mtengo kuposa sabata imene bizinesi ingaime.

Wapampando, ndalekeza pamenepa kuti tipatse mpata mafunso. Amene mwabwera ndi malipoti anu m'malaputopu, atsegulenitu, tiyambe ndi amenewo.